Mutu 4: Buledi m'Thumba la Jekete

1. Lamulo la m'nyumba

"Kodi Mulungu amadzuka nthawi yanji?"

Anafunsa ndi Mzime, mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi, atakhala pansi ndi kapu ya madzi ofunda opanda shuga. Mayi ake anapitiriza kupisa ulusi m'singano. Bambo ake, Atelala, anawerama n'kumamanga zingwe za nsapato ngati ntchitoyo inkafuna mutu wonse. Mkulu wake, yemwe aliyense ankamutchula kuti Kasingano chifukwa cha kuwonda ndi kuthwa pakamwa, ankapukuta mbale zimene zinali zouma kale.

Mwanayo sankafunsa mwachipongwe. M'nyumbamo chakudya chinkafika dzuwa litakwera, nthawi zina masana, nthawi zina litapendeka. Iye anangoganiza kuti mwini chakudyayo amachedwa kudzuka.

Nyumba yawo inali ya zipinda ziwiri, yachinayi pa mdadada wa nyumba za lendi kuseri kwa msika. Pakhoma panali shelefu, ndipo pa shelefupo panali zitini zinayi: cha shuga, cha masamba a tiyi, cha mpunga ndi cha mchere. Zonse zinali zotsukidwa bwino ndi zovindikira bwino. Zitatu zinali zopanda kanthu. Mchere wokha ndiwo unapulumuka, chifukwa Atelala anagamula kuti mchere si chakudya.

Zaka ziwiri m'mbuyomo, Atelala anali ndi shopu yawoyawo ndi makina atatu. Anali munthu wosunga. M'chipinda cha kuseri kwa shopuyo anaunjika matumba a mpunga ndi nyemba, zigubu za mafuta ndi mipukutu ya nsalu, n'kukhoma maloko awiri pachitseko. Lamlungu lina, banja lonse lili kutchalitchi, waya wamagetsi unayambitsa moto. Pofika iwo, anapeza phulusa ndi mitu itatu ya makina yakuda bii.

Atelala anagona mwezi wathunthu atayang'ana kukhoma. Mwezi wonsewo anthu a mumpingo ndi anansi ankabwera ndi kambale, lero uyu, mawa uja, moti banjalo silinagonepo ndi njala. Tsiku limene anadzuka, anadzuka ali munthu wina. Anati Mulungu wawaphunzitsa ndi moto, ndipo anaika lamulo: m'nyumba muno chakudya sichigona. Chapezeka lero chidyedwe lero, chotsala chituluke dzuwa lisanalowe.

Choncho madzulo aliwonse ankasonkhanitsa zotsala, zophika ndi zosaphika zomwe, n'kukapereka kwa mayi wamasiye wa nyumba yomaliza ndi kwa alonda a pamsika. Alondawo ananenepa masaya. Ankatamanda Mulungu mokweza kwambiri.

Tsopano Atelala ankasokera pakhonde la sitolo ya munthu wina, ndi makina amodzi obwereka. Woyamba kudzazigambitsa buluku akafika, iwo ankagula chakudya n'kuthamangira nacho kunyumba. Woyambayo akachedwa, chakudya chinkachedwanso.

2. Piritsi loyera

Mzime anali ndi khunyu. Kuchipatala anamupatsa mapiritsi oyera, ndipo anamwino ananenetsa zinthu ziwiri: azimwa m'mawa nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, ndiponso azimwa atadya kaye. Akamwa m'mimba mulibe kanthu, piritsilo silinkakhala. Pakangopita kanthawi ankasanza. Ndipo tsiku limene wasanza piritsi, kawirikawiri ankagwa.

Kasingano anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo anali mu fomu yachitatu. Anali ataona mng'ono wake akugwa kambiri. Ankadziwa phokoso limene mutu wa mwana umachita ukagunda simenti. Anayesapo kukamba ndi bambo ake, koma kunali kutunga madzi ndi dengu.

"Amene anapereka piritsi aperekanso cha m'mimba," anatero Atelala, nkhani n'kuthera pomwepo.

Tsono Kasingano anayamba kudziba yekha. Pa chakudya chamadzulo ankadya theka la gawo lake la buledi, theka linalo n'kulowetsa m'thumba la siketi. Vuto linali pobisa. Bambo ake ankavundukula mapoto ndi zitini madzulo aliwonse, ndipo ankasuzumira ngakhale m'chikwama chake cha kusukulu.

Koma kuseri kwa chitseko, pa msomali, panali jekete yakuda yokutidwa ndi pulasitiki. Inali ya Akalaliki ena a mu ofesi amene anaisoketsa kuti adzavale pa ukwati wawo. Ukwatiwo unasunthidwa, mwini wake osabwera, ndipo Atelala anabwera nayo kunyumba poopa fumbi la pakhonde. Iwo anali ndi chizolowezi chawo: chovala akachimaliza n'kuchisita sankachigwiranso. Ankati chomalizidwa ndi cha mwini wake.

Jeketeyo inali ndi thumba la m'kati, kumanzere, lakuya bwino. Atelala ankanyadira matumba awo.

M'mawa umene Mzime anafunsa funso lija, bambo atangotuluka, mayi anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi zovala zokayanika. Anatuluka n'kutseka chitseko. Anakumbukira chimodzimodzi dzulo lake, ndi dzana lomwe.

Kasingano anapisa dzanja pansi pa pulasitiki n'kutulutsa kaphukusi kokulunga m'pepala la m'kope.

"Tafuna msanga. Usagwetse nyenyeswa."

"Achemwali, buledi ameneyu akununkha nsalu."

"Ndiye kuti ndi buledi wotchena. Idya."

"Amachokera kuti?"

"Ukafunsanso ndikumeta mpala. Meza, nali piritsi."

Zinayenda motero milungu itatu, ndipo milungu itatu yonseyo Mzime sanagwe. Pa pemphero lamadzulo Atelala ankakweza manja.

"Mwaona? Sitinasunge kanthu, ndipo sitinasowe kanthu. Mwana ali bwinobwino!"

"Ameni," ankatero mayi, maso ali pansi.

Kasingano ankagwada limodzi ndi onse. Koma pemphero likafika pamene limapempha chakudya cha tsikulo, iye ankatseka pakamwa, n'kudzatsegula patsogolo. Kenaka anayamba kutseka pakamwa pemphero lonse. Panalibe amene anazindikira, poti onse anali atatsinzina.

3. Mkwati afika

Milungu itatuyo itatha, linali Lachinayi m'mawa. Atelala asanamalize kumanga nsapato, panamveka kugogoda.

"Odi kuno! Atelala, mkwati uja wafika!"

Anali Akalaliki, bambo wamfupi wonenepa bwino, ali ndi tayi pakhosi ndi chikwama kukhwapa. Analowa asanauzidwe kuti alowe.

"Mkuja ndikulowa m'ndende ya moyo wonse, ndiye ndati ndikalowe nditatchena. Ili kuti jekete yanga? Ndiyese ndisanapite ku ofesi, poti mimba iyi yakhala ikukula osandipempha chilolezo."

Kasingano anali ndi mbale m'manja. Anayang'ana chitseko, n'kuyang'ana mayi ake. Mayi anayang'ana singano yawo.

Atelala anachotsa jeketeyo pa msomali, n'kuvula pulasitiki pang'onopang'ono ngati akuvundukula mwana wakhanda. Akalaliki anapisa mikono. Inawakhala ngati anabadwa nayo. Anatembenuka uku ndi uku, akuseka.

"Mayi, mukuti bwanji? Apongozi sandibweza pakhomo?"

Mayi ankayang'ana pachifuwa pa jeketeyo, kumanzere, pamene panali chibowo cholowa zala zitatu, ulusi uli lendelende m'mphepete mwake.

Akalaliki anatsatira maso awo. Anapisa dzanja m'thumba la m'kati, ndipo zala zawo zinatulukira kunja. Pobweza dzanjalo anabweza ndi kaphukusi. Anakatsegula. Munali theka la buledi, lodyedwa mbali imodzi ndi mano ang'onoang'ono. Khoswe anali atatsata fungo la milungu itatu, ndipo polephera kulowera pakamwa pa thumba, anadziboolera khomo lakelake.

"Atelala," anatero Akalaliki, "ine ndinasoketsa jekete, osati lesitilanti."

Anayesa kuseka, koma kusekako sikunakhalitse.

"Nsalu iyi anandipatsa ndi apongozi anga. Inalipo imodzi yomweyi. Ukwati ndi mkuja."

"Pepani, bwana. Ndiisoka mosaoneka. Ndipatseni mpaka madzulo."

"Chigamba pamtima, tsiku la ukwati? Anthu azidzati mkwati anawomberedwa ali m'njira?"

Anavula jeketeyo, n'kuipinda okha, n'kuiika m'chikwama. Pakhomo anatembenuka.

"Anzanga onse a ku ofesi ndinawalozera kwa inu. Ndinkati kuli telala woopa Mulungu. Lero ndikawauza kuti kulinso khoswe."

Anachoka osatsazika. Buledi uja anamusiya patebulo, papepala pake.

4. Mawu a bambo

Atelala anakhala pampando. Anatenga pepala lija n'kulitambasula. Linali ndi masamu, ndi chizindikiro chofiira cha aphunzitsi.

"Zolemba izi ndi zako?"

"Ndi zanga, ababa."

"Khala pansi undimvere. Ine sindikumenya. Ndikanakhala bambo uja wakale, lamba akanalankhula, koma bambo ameneyo anapsa limodzi ndi shopu.

"Iwe unkaona matumba m'chipinda chija, koma sunkaona mtima wanga. Matumba ndinali nawo, tulo ndinalibe. Ndinkapemphera ndi pakamwa, koma amene ndinkamudalira anali loko. Tsiku lina kunabwera mayi ali ndi mwana kumsana, kudzapempha kapu imodzi ya mpunga. Ine ndinati bwerani mawa. Mawa lakelo kunali phulusa. Mayi ameneyo sindinamuonenso, koma nkhope yake ndimaiona tsiku lililonse.

"Anthu a Mulungu ali m'chipululu, chakudya chinkagwa m'mawa uliwonse, chokwanira tsiku limenelo. Anauzidwa kuti asasunge. Ena anati ife ndife ochenjera, n'kubisa m'miphika. Kutacha anapeza mphutsi ndi fungo. Iwe wabisa m'thumba, wapeza khoswe. Kusiyana kwake kuli pati?

"Kusunga kumayamba ndi kachidutswa, mwana wanga. Lero theka la buledi, mawa chitini, mkuja chipinda, kenaka loko, kenaka mtima wako umalowa m'chipindamo n'kudzitsekera. Njira imeneyo ine ndinaiyenda mpaka kumapeto, ndipo sindingalole mwana wanga aiyambe. Mbalame zija zimatera pawaya, unaionapo ina itanyamula jumbo? Amene amazidyetsa sakudziwa kuti Mzime amamwa piritsi? Kapena ukuganiza kuti iwe umamukonda mwanayu kuposa amene anamulenga?"

"Ababa, milungu itatu ija sanagwe chifukwa ankadya."

"Sanagwe chifukwa cha chisomo."

"Chisomocho chinkagona m'thumba la jekete."

"Iwe!" anatero mayi. Anali mawu awo oyamba m'mawa umenewo.

Atelala anamuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali. Sanakalipe. Anatenga buledi wodyedwa ndi khoswe uja n'kukamuponya kudzala, n'kubwera kudzasamba m'manja.

"Ababa, buledi wanga?" anafunsa Mzime.

"Wako akubwera, mwana wanga. Watsopano."

"Bambo a Kasingano," anatero mayi chapansipansi, "nthawi ya piritsi yakwana. Mwina tipemphe kanthu kwa anzathu oyandikana nawowa."

"Tinapempha kale kwa amene ali ndi zonse. Dzuwa lisanakwere ndikhala nditabwera nacho."

Anatuluka. Mzime anamwa piritsi ndi madzi ofunda.

Kasingano anavala yunifolomu, koma sanalowere njira ya kusukulu. Anathamangira kunyumba yomaliza, kwa mayi wamasiye amene anapatsidwa mpunga wawo dzulo lake.

"Amayi, mpunga uja watsalako? Ngakhale supuni ziwiri."

"Ha, mwanawe! Ndinadya dzulo lomwelo, wotsala n'kupatsa mwana wa anzathuwa. Inenso ndinaphunzira kwa bambo ako. Munthu wa Mulungu ameneyo."

Nyumba zina zinali zokhoma, eni ake atapita kuntchito. Kumsika alonda anali ataweruka. Pobwerera, anapeza mayi akukolopa pansi, Mzime atagona pamphasa milomo ili mbuu. Piritsi linali litatuluka.

Dzuwa linakwera. Atelala sanabwere. Pakhonde paja panalibe ndi mmodzi yemwe amene buluku lake linang'ambika tsiku limenelo.

Dzuwa lili paliwombo, Mzime anadzuka kuti akamwe madzi pampopi. Anayenda mapazi anayi. Kasingano anamva phokoso lija asanatembenuke.

5. M'chipinda cha mopu

Kuchipatala anamusoka Mzime katatu pamphumi. Anamwino anafunsa ngati mwanayo anadya asanamwe piritsi. Mayi anayang'ana pansi.

"Mayi, ndinakuuzani kapena sindinakuuzeni? Mukufuna ndilembe pamphumi panu?"

Anamugoneka pabedi kuti amuone kwa maola angapo. Mayi anakhala pambali pake. Kasingano anakhala pabenchi m'khonde, yunifolomu yake ili ndi madontho a magazi pachifuwa.

"Kweza miyendo, ndikolope."

Anali azakhali ake, mlongo wamkulu wa Atelala, amene ankagwira ntchito yokolopa pachipatalapo. Anali atamva kale zonse kwa mayi. Anakolopa pansi pa benchi, n'kufinya mopu, n'kumugwira Kasingano pamkono. Anamulowetsa m'kachipinda kosungira ndowa ndi matsache, n'kumukhazika pandowa yovundikira. Anatulutsa kambale kawo ka mpunga ndi nyemba.

"Idya kaye. Munthu wanjala samva uphungu, amangoona pakamwa pa wolankhula."

Kasingano anadya.

"Bambo ako ndi mlongo wanga, ndinamubereka kumsana ine. Si munthu woipa. Moto unamuwotcha pamalo posaoneka, ndipo amene anapsapo amaopa ndi phulusa lomwe. Chimene anaphunzira n'choona: Mulungu amadyetsa. Ine ndakolopa muno zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Amuna anga anandisiya ndi ana atatu, ndipo palibe amene ndinamuika m'manda chifukwa cha njala. Sindinganene kuti zinali nzeru zanga. Masiku ena ndinkadzuka osadziwa kuti ndiwapatsa chiyani, koma pofika madzulo onse anali atanyambita zala.

"Koma mlongo wanga anawerenga tsamba limodzi n'kutseka buku. Anthu omwe aja a m'chipululu, likakwana tsiku lachisanu ndi chimodzi ankauzidwa kutola za masiku awiri, ndipo sizinkaola. Nanga mnyamata uja anagulitsidwa ndi abale ake, amene anadzaza nkhokwe zaka zisanu ndi ziwiri, anamutuma ndani? Vuto si chitini. Vuto ndi kugwadira chitini."

"Nanga bwanji simuwauza inuyo, azakhali?"

"Ndinamuuza kawiri. Kachiwiriko anandiperekeza mpaka pamsewu tiyi ndisanamalize."

Anatenga kambale kopanda kanthu kaja n'kukavindikira.

"Tsopano iwe. Usaganize kuti ndikuombera m'manja. Kusunga buledi sunalakwe. Amene anakupatsa maso oona kuti mng'ono wako akufunika kudya ndi Mulungu yemweyo. Milungu itatu wamudyetsa mwanayu ndi dzanja lako, iwe osadziwa kuti watumidwa. Koma unalakwa kubisa, ndiponso m'chovala cha mwini. Chobisika chimaitana khoswe. Wawonongetsa dzina la bambo ako pantchito, ndipo wawasiya milungu itatu akuthokoza chinthu chimene sakuchidziwa. Ukanaika poyera akanakalipa, koma akanaona. Wamva?"

"Ndamva."

"Ndikufunsenso china. Unapemphera liti komaliza?"

Kasingano anayang'ana matsache.

"Ndadziwira nkhope. Njala ya m'mimba imalira, anthu n'kumva. Inayo, ya mumtima, imakhala chete, imangoumitsa munthu ngati chikopa cha padzuwa. Wasenza nyumba yonse wekha ngati kumwamba kulibe mwini. Ukapitiriza, udzafika msinkhu wanga uli ndi zitini zodzaza, mtima uli gwa, ndipo udzakhala bambo ako uja wakale, wa maloko awiri. Ngati wamukwiyira Mulungu, muuze kuti ndakwiya. Zimenezo amazimva, anazimvapo kwa anthu aakulu kuposa iwe. Chimene sindikufuna n'choti uzimudutsa osamupatsa moni ngati mnansi amene munayambana pampopi."

"Ndinamupempha, azakhali. Chaka chonse ndinkamupempha kuti Mzime asagwenso. Lero mwamuona pamphumi."

Kunja munthu wina ankaitana wokolopa kuti mwana wasanza m'khonde.

"Zina ine sindizidziwa," anatero azakhali. "Ine ndimangokolopa."

Anapisa dzanja m'chikwama chawo n'kutulutsa banzi limodzi lokulunga m'jumbo.

"Ili ndi la Mzime, mawa m'mawa. Usakalibise. Ukaliike pamene aliyense akuliona."

6. Dzuwa likulowa

Anabwerera kunyumba dzuwa litapendeka. Anapeza Atelala atakhala pakhomo ndi kajumbo ka mpunga ndi tomato awiri pamiyendo. Anali atamva kwa anansi. Ataona bandeji pamphumi pa Mzime anaimirira, n'kumulandira kumsana kwa mayi ake, n'kukamugoneka okha kuchipinda. Anakhalako nthawi yaitali. Potuluka maso awo anali ofiira.

Mayi anaphika. Anadya mwakachetechete, ndipo Mzime anadyetsedwa ali pabedi. M'poto munatsala mpunga wokwana mbale imodzi.

Kasingano anatulutsa banzi lija n'kuliika pakati pa tebulo.

"Ili ndi la Mzime, mawa m'mawa. Andipatsa ndi azakhali. Sindikubisa."

Atelala anakokolola mpunga wotsala n'kuuika m'mbale. Anayang'ana pazenera, n'kuyang'ana banzilo. Anayang'ananso chitseko cha kuchipinda kumene mwana anagona.

"Dzuwa likulowa," anatero, koma mawu awo analibe mphamvu ya masiku onse.

"Ndikuliona, ababa."

Dzanja la Atelala linanyamuka, n'kuima panjira, n'kubwerera pamphepete pa tebulo. Mayi anasiya kutsuka poto.

"Odi, odi, banja lodalitsika!"

Anali Akulu a mpingo, bambo wamtali wa imvi, amene ankalankhula ngati nthawi zonse ali paguwa. Anapatsidwa mpando. Za kuchipatala anali asanamve, ndipo palibe amene anawauza.

"Sindikhalitsa, abale. Ndatumidwa ndi abusa. Mbiri ya nyumba ino yafika ponseponse: anthu osasunga kanthu koma osasowa kanthu, ndiponso mwana amene ankagwagwa tsopano watha milungu itatu ali chilili. Mumpingo muli mabanja ambiri ofooka, odera nkhawa za mawa. Ena ayamba kufunsa kuti lamulo lanuli limayenda bwanji, kuti nawonso aliyambe. Ndiye abusa akuti Lamlungu lino, Atelala, muime kutsogolo mupereke umboni."

Atelala anatsegula pakamwa.

"Musachite manyazi, mbale. Nyale sabisa." Akulu a mpingo anaimirira, ndipo maso awo anagwera patebulo. "Taonani, ndaziona ndi maso anga! Izi ndiye za alonda zija? Ndikudutsa kumsika komweko, musavutike, ndiwatengera."

Ananyamula mbale ya mpunga. Ananyamulanso banzi n'kuliika pamwamba pa mpungawo.

Kasingano anayang'ana bambo ake. Atelala ankayang'ana nsapato zawo. Mtsikanayo anayang'ana mayi ake. Mayi anali atatembenukira kupoto.

"Ndiye ndikawauze chiyani abusa?" anafunsa Akulu a mpingo ali pakhomo, mbale ili m'manja. "Tikuyembekezereni Lamlungu?"

Kasingano anaimirira, n'kukankhira mpando wake pansi pa tebulo.

"Mukawauze kuti bambo sakaima," anatero. "Umboniwo ndikapereka ndine."